Cilonda Cosapola Ciunikidwe Bwino Asanacidule

Mayi wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu akaona kuti mnyamata wake wacialubino ali ndi kacilonda pa khutu kosapola, kawilikawili amangomugulila mafuta odzola. Miyezi ipita. Pofika ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital cilonda cija cakula, ndipo apeza kuti ndi khansa ya pakhungu yobwela ndi dzuwa.

Mankhwala ake enieni ndi kudula. Koma khansa imayanga kupitilila pamene maso aona. Dotolo akadula pafupi kwambili, mizu imatsala ndipo cilonda cimabukanso. Akadula patali, khutu kapena mlomo uonongeka pacabe.

Pali kacipangizo kochedwa dermatoscope, kokwana m'thumba la malaya, kokhala ndi galasi ndi nyali. Kamakuza khungu kakhumi, n'kuonetsa timitsempha ta magazi ndi polekezela nthendayo. Dotolo amalemba mzela pamenepo, n'kuonjezako mamilimita 4 mpaka 6 a khungu labwino. Kuya kwa nthenda sikaona ai, motelo nyama yodulidwayo iyenelabe kukapimidwa ku labu.

Kacipangizo kotele kayenela kupezeka m'makiliniki a m'makomboni, osati m'zipatala zazikulu mokha, ndipo anchito a zaumoyo aphunzitsidwe kagwilitsidwe kake. Ulendo wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, umadya ndalama za basi ndi cakudya, pamene kacilonda kopezeka msanga kangadulidwe konkuno tsiku limodzi.

A khungu lakuda naonso asadzinamize: banga lakuda la kuphazi limene likukula lipite kukaunikidwa.