Khofi ameneyu kwawo n'kuti?

Malo omwera khofi achuluka masiku ano mu Lilongwe ndi mu Blantyre, ndipo ambiri akudzitcha "specialty". Mipando ya matabwa a mapaleti, mababu olendewera pa zingwe, WiFi, kamtima kojambulidwa pa thovu la cappuccino. Zonsezo zili bwino. Koma tayesani kufunsa amene wakubweretserani kapuyo kuti khofi ameneyu kwawo n'kuti. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Ndi Arabica, bwana." Arabica ndi mtundu wa mtengo, si mudzi. Zili ngati munthu wakufunsani kwanu, inu n'kuyankha kuti ndinu munthu.

Sindikudzudzula mnyamata kapena mtsikana woperekera khofiyo ayi. Iye akunena zimene anamuuza. Mlandu ndi wa eni malo, amene anatola liwu la specialty pa intaneti n'kulipachika pa chikwangwani ngati chokongoletsa. Liwuli lili ndi tanthauzo. Akatswiri olawa khofi amapereka malikisi, ndipo khofi amatchedwa specialty akapeza 80 kapena kuposa pa 100. Komanso khofi wotere amadziwika kumene wachokera: phiri lake, alimi ake, chaka chimene anathyoledwa, tsiku limene anakazingidwa. Ngati zimenezi palibe, mukutigulitsa mipando ndi WiFi basi, khofiyo ndi wongoperekeza.

Chimene chimandipweteka n'choti mayina oti atchule alipo, ndipo ndi athu omwe. Misuku ku Chitipa. Phoka ku Rumphi. Viphya, mapiri a ku Nkhata Bay, Ntchisi. Alimi ang'onoang'ono a m'madera amenewa ndi amene ali pansi pa Mzuzu Coffee. Kum'mwera kuli esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene ambiri timangoidziwa ndi tiyi koma imalimanso khofi. Khofi si mlendo muno. Anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo pa mbendera ya atsamunda ya British Central Africa panali chithunzi cha mtengo wa khofi, fodya ndi tiyi asanatenge ufumu. Zaka zoposa 140 tikulima chinthu, koma mpaka lero wina akakuona ukumwa wopanda mkaka amati, "Aise, wayamba zachizungu eti?"

Zachizungu bwanji? Mayi wa ku Misuku amadikira zaka zitatu kuti mtengo uyambe kubereka. Amathyola ndi manja zipatso zofiira zokhazokha, n'kusiya zobiriwira kuti adzabwererenso. Zipatsozo amazichotsa khungu tsiku lomwelo, kuzivundika, kuzitsuka, kenako kuziyanika pa mathandala masiku ambirimbiri uku akusankha zoipa. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere zoti zikazingidwe. Ntchito yonseyi, khofi wabwino n'kukwera sitima kupita kunja, ife n'kumatakasa Ricoffy, amene mbali ina ndi mizu ya chicory. Imwani Ricoffy wanuyo, sindikuletsani, tonse tinakulira momwemo. Koma musamati mwalawa khofi.

Ena amati Mmalawi sangasiyanitse, kwa iye khofi ndi khofi, bola shuga. Limeneli ndi bodza, ndiponso chipongwe. Lilime lathu si lakufa. Mayi anga amadziwa Kilombero weniweni mphika usanavundukulidwe. Pa msika timakangana za nyemba, wina akufuna kholophethe wina nanyati. Mupatseni munthu wa ku Mangochi makumba n'kumuuza kuti ndi chambo, muone. Ndiye lilime lomwelo lilephere kumva kuti khofi uyu akuwawasira ngati nachesi, uyo akukoma ngati mtedza wokazinga? Vuto n'loti palibe amene anatiikira makapu awiri pamodzi n'kunena kuti lawani. Ndipo khofi wambiri amene timapatsidwa ndi wokazinga mpaka kupserera. Khofi wopserera amamveka chimodzimodzi, kaya ndi wa ku Phoka kaya wa ku Brazil: makala okhaokha. Kupsereza ndi njira yobisira njere zoipa, monga momwe tsabola wambiri amabisira ndiwo zogona.

Ifenso achinyamata tili ndi mbali yathu. Tawerenga kuti khofi wa Geisha wa ku Panama anagwedeza dziko mu 2004 ndipo mpaka lero amagulidwa pa mitengo yoopsa, ndiye timalitchula dzinalo monyadira pa Instagram. Koma ndi angati akudziwa kuti alimi a kumpoto kwathu kuno amalimanso mtundu wotchedwa Geisha, pamodzi ndi Catimor? Sindikunena kuti ndi wofanana ndi wa ku Panama, nthaka ndi mbewu zimasiyana. Ndikungodabwa kuti dzina tikalimvere kunja pamene mtengo uli kuseri kwa nyumba.

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena: ndalama. Digiri ili m'chikwama, ntchito kulibe, ndiye wina azikuuza za khofi? N'zoona, kapu imodzi m'malo amenewa imadya ndalama ya bandulo ya intaneti. Koma paketi ya magalamu 250 imatulutsa makapu 16, mukamathira magalamu 15 pa kapu. Sonkhani anthu anayi, mugule mapaketi awiri a madera osiyana. Makina safunika. Kamtondo kosinjira tsabola kakwanira, bola mukatsuke bwinobwino. Thirani madzi amene angophulidwa kumene pamoto, dikirani mphindi 4, sefani ndi kasefa ka tiyi. Shuga ayambe wadikira kaye. Lawani uyu, lawani uyo, mulawenso akayamba kuzizira, chifukwa m'pamene kukoma kwake kumaonekera poyera. Mukangane. Wina anena malalanje, wina anena chokoleti, wina anena kuti onse akuwawa, ndipo palibe wolakwa.

Eni malo inu, zimene tikupempha si zodula. Choko ndi kabolodi: Misuku, wokazingidwa tsiku lakuti. Muphunzitseni barista wanu kuti athe kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka popanda manyazi, ndipo asamayambe wayang'ana nsapato za kasitomala asanamuyankhe. Ngati njere zanu ndi zakunja, nenani, tilawa, za ku Ethiopia ndi Kenya nazonso n'zokoma. Koma ngati nanunso simukudziwa kumene zachokera, fufutani liwu lija pa chikwangwanipo, mulembe kuti tiyirumu, mutsitsenso mtengo.