Nukazuke si mfutso wa ku Japan

Amene mumakonda makanema a zophikaphika pa TikTok ndi Facebook mwina munaonapo izi: dzanja likupisa m'chidebe chodzaza zinthu zonga mchenga wonyowa, kenako n'kuvuula nkhaka yofota pang'ono. Dzina lake ndi nukazuke, ndiwo zamasamba zimene anthu a ku Japan amakwirira mu gaga wa mpunga wothira mchere. Kanema wake satha n'komwe mphindi imodzi, ndiye munthu wa ku Mponela kapena ku Malomo, amene amaona kabichi ndi mabilinganya zikuwolera pamsika, angathe kungoti, "Eee, mankhwala ake si amenewa! Gaga ndiye tili naye mbwee." Dikirani kaye, achimwene ndi achemwali. Makanemawa amaonetsa povuula pokha, ntchito yeniyeni amaibisa.

Gagayo sangothiridwa kuchokera m'thumba. Amayamba aumba chimene amachitcha nukadoko: kilogalamu imodzi ya gaga wa mpunga, madzi pafupifupi lita imodzi, mchere magalamu pafupifupi 130, tsabola wouma, ndi kombu, chomera cha m'nyanja yamchere. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri amakwiriramo makoko a karoti ndi masamba akunja a kabichi, n'kumawataya. Eya, kutaya. Ntchito ya masambawo n'kubweretsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa chakudya, ta mtundu womwe uja umawawasitsa chambiko, kapena matsukwa amayi akaviika mphale. Gagayo akayamba kununkhira kowawasa bwino, m'pamene ndiwo zodya zimalowa.

Ndipo tsiku lililonse pamafunika dzanja. Wapansi abwere pamwamba, wapamwamba apite pansi, kenako kusalaza ndi kupukuta m'mbali mwa chidebe. Nyengo yotentha ena amatembenuza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo tina timakonda mpweya ndipo timachulukana pamwamba, tina timadana nawo ndipo timabisala pansi. Mukawasiya osatembenuza, gulu limodzi limapambana, fungo n'kufika poti ngakhale galu atembenuka. Nukadoko amafuna kutentha kwa madigiri 20 mpaka 25. Ndiye kuti m'mapiri a Ntchisi mu June angachite ulesi, koma mu Okutobala angakusasireni tsiku limodzi. Mukapita ku ukwati ku Kasungu masiku atatu, musiyire munthu, ngati mmene mumasiyira nkhuku.

Apa ndiye pagona nkhani. Nkhaka imakhala m'gagamo theka la tsiku kapena tsiku limodzi, karoti tsiku limodzi kapena awiri. Ikavuulidwa imatsukidwa, n'kuduladula, n'kudyedwa pompo ndi mpunga, ikadali khirichikhirichi. Chithunzi choonetsa nkhaka ili m'mbale gaga ali phaa n'chabodza, n'chimodzimodzi kujambula nsima ili ndi mthiko wake pathebulo la alendo. Choncho amene akuti nukazuke ndi njira yosungira ndiwo mpaka chilimwe sakunena zoona. Ntchito imeneyo kwathu kuno ili kale ndi mwini wake. Agogo a ku Dowa amafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika, n'kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, ndipo mu Seputembala amamasula n'kutendera nsinjiro. Mfutso umadikira miyezi uli phee kudenga. Nukadoko ukamuiwala sabata imodzi kunja kukutentha, wataya.

Ku Japan komweko chimene chimayandikira mfutso ndi takuan. Amatenga daikon, muzu woyera wautali ngati chinangwa, kuupachika padzuwa ndi pamphepo mpaka uzipindika osathyoka, kenako n'kuukwirira mu gaga ndi mchere kwa miyezi, mwala uli pamwamba. Mwaona? Nawonso akafuna kusunga amayamba ndi kuyanika.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi gaga mwini wakeyo. Nukazuke anafala m'nyengo ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868, anthu a m'mizinda atayamba kukonda mpunga wopuntha woyera mbee. Gaga anachuluka, koma kunabukanso nthenda ya beriberi, yofooketsa miyendo ndi mtima, chifukwa vitamini B1 ankatsalira m'gagamo. Mu 1910 katswiri wina, Umetaro Suzuki, anapatula chinthu choteteza nthendayi kuchokera mu gaga wa mpunga womwewo. Ndiwo zokwiriridwamo zimayamwako vitamini ameneyu. Ife tikakonola chimanga, madeya timapatsa nkhumba kapena kugulitsa kwa otcheza kachasu, ndipo munthu wodya mgaiwa ena amamuyang'ana ngati zamuvuta. Amene anaona njala ya 2002 amakumbukira madeya ngati chakudya cha tsoka. Koma ku Kokura, mumzinda wa Kitakyushu, kuli mabanja amene amanyadira nukadoko amene wadutsa m'manja mwa agogo, amayi ndi ana, ndipo amatapako n'kuphikira nsomba.

Mukafuna kuyesa, yesani, koma mwadongosolo. Dowa ndi Ntchisi si kwawo kwa mpunga, gaga wake mukamupeza kuzigayo za ku Nkhotakota kapena ku Salima. Funsani wofewa ngati ufa, osati wosakanikira mankhusu, ndipo akhale wogayidwa kumene chifukwa mafuta ake sachedwa kuwonongeka. Ena amamukazinga pang'ono asanayambe. Madeya a chimanga amene agona pansi pachigayo, ofukira kapena achuku, musayerekeze: poizoni wa chuku, aflatoxin, sachoka ndi mchere ndipo amawononga chiwindi. Mchere musaumire, ndiwo mlonda wake. Madzi akhale owiritsa n'kuzizira, manja osamba. Kansalu koyera kopyapyala pamwamba si vuto, koma mukaona nkhungu yobiriwira, yakuda kapena yofiira, tayani.

Kombu simumupeza pa Mponela, ndipo popanda iye zimathekabe. Kambuzi wouma alipo, zipwete ndi therere lobala zimalowamo bwino. Ena ku Japan amaponyamo kachitsulo kuti mabilinganya asasuluke mtundu. Mukajambula kuti muike pa status, tsukani kaye gagayo, ndipo mulembe kuti ndi za dzulo, zodya lero.