Amamanga tayala podziwa kuti kwathu n'kutali

Ife a ku Chadiza sitipita ku Chipata kukaona nyumba zosanja. Mukationa tadzuka m'bandakucha n'kuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 80 pamsewu umene takhala tikuulirira zaka zambirimbiri, dziwani kuti ntchito yatituma. Mphunzitsi wamkulu akukasiya mapepala ku ofesi ya zamaphunziro ya chigawo. Mlangizi wa zaulimi waitanidwa kumsonkhano. Wapampando wa kopaletivi wahaya kanta kuti akatenge mbewu ndi feteleza, wagolosale akukaoda sopo, mchere ndi saladi ku Down Shops, ndipo makanika akusakasaka sipeya ya chigayo chimene chakhala chete kuyambira sabata yatha. Tonsefe tiyenera kubwerera tsiku lomwelo, chifukwa ndalama yogonera kutauni palibe amene watipatsa. Ndipo ambiri mwa ife tinabwererapo pamene tinaimika galimoto n'kupeza tayala lamangidwa unyolo, munthu ataima pambali akuti pali ndalama yoti tilipire kaye.

Kulipira sitikana ayi. Popita ku Lusaka timaima pamageti a msonkho wa pamsewu a National Road Fund Agency, mtengo uli pachikwangwani chachikulu, timapereka, amatipatsa lisiti, timapitirira. Pamsika wa paboma amayi athu amalipira ya khonsolo tsiku ndi tsiku, kapepala n'kukamangirira pansonga ya chitenje. Galimoto yomweyo tinailipirira kale msonkho ndi inshuwalansi, a bungwe la zamsewu la RTSA n'kuiyeza. Ndiponso mwini malo ali ndi ufulu pamalo ake. Munthu amene anathira simenti pabwalo la sitolo yake kuti ogula aziimikapo sangasangalale kuona malole a anthu ena atadzazapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zimenezo timazimvetsa bwino lomwe. Chimene chikutiwawa ndi ndalama imene mtengo wake umatchulidwa unyolo utamangidwa kale, imene ilibe lisiti, imenenso ukafuna kuitsutsa sudziwa khomo loti ugogode.

Mmodzi mwa madalaivala athu anapita ndi mlembi wa kopaletivi kukatenga katundu wa gulu. Anaimika kanta pabwalo la sitolo ina, n'kulowa m'sitolo momwemo kukafunsa mitengo ya malata. Atatuluka anaoloka msewu kupita kubanki kuti akatape ndalama zogulira malatawo. Amene anaimapo pamzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi akudziwa mmene nthawi imathera pamenepo. Pobwerera anapeza unyolo wadutsa mkati mwa tayala lakutsogolo, loko wamkulu akulendewera.

“Amdala, pano mpa ogula okha. Mwaphwanya lamulo. K300.”

“Koma atate, ife ndife ogula. Ndalama izi tatenga kuti tigule malata muno momwemo. Nanga lamulolo lalembedwa pati?”

Mlonda wa pabwalopo analoza kukhoma la kumbuyo, kumene kachikwangwani kofufuma ndi dzuwa kanabisika kuseli kwa migolo yamadzi. Kanalembedwa m'Chingerezi chokha, ndipo mtengo panalibepo. Mlembi atapempha kuonana ndi bwana, anamuyankha kuti bwana wachokapo, abwere mawa. Atapempha lisiti, anamuuza kuti buku lili ndi bwana yemweyo. Dzuwa linali litapendeka, mitambo ikusonkhana chakummwera, kumene kuli kwathu. Anakambirana mpaka mtengo unatsika kufika pa K200, anapereka, unyolo unamasulidwa. Malata anakagula kwina, ochepa kuposa amene gulu linawatuma.

Wakutauni akauzidwa kuti abwere mawa, amatha kusiya galimoto, kukagona kunyumba kwake, m'mawa n'kubwera ndi mlamu wake wodziwa malamulo. Kwa ife mawa ndi mafuta a ulendo wina wonse, ndi tsiku lina la ntchito lotayika, ndi mwini kanta amene akuwerengera kuti galimoto yake yagona kunja. Omanga unyolo amadziwa zimenezi. Amaona fumbi lofiira pagalimoto, amaona matumba ndi njinga pamwamba, amamva mmene tikulankhulira, n'kudziwiratu kuti uyu sangalimbe kupitirira 15 koloko. Mtengo wokha umachitira umboni, chifukwa umakwera ndi kutsika malinga ndi nkhope ya munthu. Chindapusa chenicheni sichitsika chifukwa chakuti wachonderera.

Kwathu ng'ombe ikalowa m'munda wa mnansi n'kudya chimanga, mwini munda amaigwira, zimenezo n'zoona. Koma sagamula yekha mlandu. Nkhani imapita kwa amfumu a mudzi, anthu amapita kukaona mapesi amene adyedwa, mbali zonse ziwiri zimalankhula, ndipo wosakhutira amatha kuitengera patsogolo, mpaka kwa mafumu aakulu, a Mlolo, a Zingalume kapena a Mwangala. Mwana aliyense wa kuno amakula akudziwa kuti wodandaula sakhalanso woweruza. Pabwalo la sitolo kutauni munthu mmodzi yemweyo ndiye wakugwira, ndiye watchula mlandu, ndiye wagamula mtengo, ndiyenso walandira ndalama.

Zowawa zenizeni zimayamba ukafika kunyumba. Wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe amafunika kufotokoza ngwee iliyonse imene anapatsidwa paulendo, ndipo wowerengera ndalama sangalandire nkhani yapakamwa. Alibe mlandu, ndi mmene ntchito yake ilili. Choncho ndalama imene inalipidwa paulendo wa ofesi imachoka m'thumba la wantchito, pamalipiro amene ngongole zadyako kale. Kukopaletivi n'koipa kuposa apo. Mamembala anasonkha pang'onopang'ono, wina atagulitsa nshawa, wina soya, wina nkhuku. Pamsonkhano mlembi amaimirira n'kunena kuti K200 inapita kwa munthu amene dzina lake salidziwa, pepala palibe. Palibe amene amamutchula kuti wakuba pamaso, koma anthu amayang'anizana, ndipo pobwerera kumudzi nkhani imayenda. Chaka chotsatira pachisankho dzina lake silitchulidwa. Taona anthu okhulupirika akukana maudindo chifukwa cha zoterezi, ena n'kubweza mwakachetechete ndalamayo kuchokera m'nkhokwe yawo kuti mbiri isaipe. Munthu wa unyolo uja sadziwa n'komwe kuti kapepala kamene anakana kulemba kasokoneza gulu la alimi limene linatenga zaka kuti likhulupirirane.

Mlondayo sitimuda. Ambiri mwa iwo ndi ana a kumidzi ngati yathu yomweyi, amaima padzuwa tsiku lonse, malipiro ake ochepa. Ena amachita zimene awatuma, ena apezerapo podyera. Amene timafuna kumuona ndi mwini malo, amene amadziwa kuti unyolo ulipo pabwalo pake, mwina anaugula yekha, koma nthawi zonse amakhala atachokapo.

Nkhani yoimika magalimoto inavutapo ngakhale ku Lusaka. Mu 2016 khonsolo ya mzindawo inapereka ntchito yotolera ndalama m'misewu ya pakati pa tauni ku kampani ya Parkrite, mtengo wake K5 pa ola. Anthu anadandaula m'manyuzipepala ndi pamawailesi, atsogoleri anamva, ndipo mgwirizanowo sunakhalitse. Taonani kuti imeneyo inali ndalama yodziwika mtengo, komabe anthu anaifunsa mafunso, chifukwa a ku Lusaka ali pafupi ndi wailesi, pafupi ndi nduna, pafupi ndi khoti. Mu 2021 boma latsopano la a Hakainde Hichilema litalamula kuti anyamata a zipani achoke m'misika ndi m'masiteshoni a basi, tinaona ndi maso athu kuti kutolera ndalama popanda lisiti kumatha ngati akuluakulu afuna kuti kuthe. Ife tomwe tinapuma pamasiteshoni. Nanga bwanji pabwalo la munthu wamba chizolowezi chomwecho chizipitirira ngati kuti pamenepo malamulo a Zambia safikapo?

Kumayiko kumene magalimoto ndi ochuluka kuposa kuno anakangana kale pankhani imeneyi. Ku Scotland khoti linagamula mu 1992 kuti kumanga tayala la galimoto ya munthu pamalo a mwini n'kumufuna ndalama ndi kulanda ndiponso kuba. Ku England ndi Wales lamulo la mu 2012 linaletsa mchitidwewu, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe lapadera lotchedwa POPLA, kumene munthu amakadandaula kwaulere ngati akuona kuti amulipiritsa molakwa. Sikuti kumeneko oyendetsa galimoto amapambana nthawi zonse. Barry Beavis, wogulitsa nsomba ndi tchipisi, anapitirira ndi pafupifupi ola limodzi pamaola awiri aulere pamalo ena ku Chelmsford, kampani ya ParkingEye n'kumulipiritsa mapaundi 85. Anakana, mlandu unakwera mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo mu November 2015 anagonja. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti zikwangwani zinali zambiri, zooneka bwino, mtengo utalembedwa poyera asanaimike galimoto yake. Ife tikamva nkhani imeneyi timaona munthu amene anauzidwa mtengo pasadakhale, amene galimoto yake sinagwidwe, amene anapita kwawo tsiku lomwelo, n'kukhala ndi kokatula dandaulo lake. Zinthu zimenezo n'zomwe tikupempha, ngakhale titadzagonja ngati iye.

Malamulo athu sali chete kotheratu. Lamulo la mu 2010 loteteza ogula, limene limayang'aniridwa ndi Competition and Consumer Protection Commission, limaletsa wamalonda kulipiritsa munthu kuposa mtengo umene waonetsedwa. Kulinso khoti la milandu ing'onoing'ono, kumene munthu amadzilankhulira yekha popanda loya. Koma taganizani za mlimi wa ku Nsadzu kapena kufupi ndi malire a Chanida. Kuti atsate K200 yake ayenera kuwononga yoposa pamenepo pamayendedwe okha, kusiya kumunda nthawi yopalira, n'kukaima pamaso pa akuluakulu alibe lisiti, alibe dzina la amene anamulanda. Amangoti zapita, Mulungu aona. Ndiye chifukwa chake madandaulo athu sapezeka m'mabuku a ofesi iliyonse, ndipo amene amawerenga mabukuwo amayesa kuti vuto kulibe.

Ena mwa ife tayamba kuchenjera. Tisanachoke pagalimoto timajambula ndi foni khomo lolowera ndi makoma onse, kuti zidzaoneke ngati chikwangwani chinalipo kapena ayi. Tikapeza unyolo timaujambulanso, n'kufunsa dzina la womangayo ndi la amene wamutuma. Timapempha kulipira kudzera pafoni, chifukwa uthenga umasonyeza dzina, nthawi ndi ndalama yake, ndipo kawirikawiri pamenepo m'pamene mawu a womangayo amayamba kufewa. Mphunzitsi wina atalipira anakalemba kalata kwa mwini malo, kope lake n'kupereka kwa abwana ake kuntchito, ataphatikapo zithunzi ndi kalata imene inamuitanira kumsonkhano. Ndalama inabwezedwa mwezi usanathe, popanda mawu opepesa. Koma uyo ndi mphunzitsi, wodziwa kulemba Chingerezi cha m'maofesi, wokhala ndi foni yojambula. Agogo amene ahaya galimoto kuti akagulitse mpendadzuwa alibe zonsezo, ndipo sikoyenera kuti chilungamo chizidikira foni yodula.

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo tinakondwera nawo chifukwa ndi likulu la chigawo chathu tonse. Mzindawo umadya za m'minda yathu, ndipo ndalama za chimanga ndi soya wa ku Chadiza, Vubwi ndi Katete zimathera m'masitolo ake. Khonsolo yake ili ndi mphamvu zopanga malamulo a mumzinda. Inene poyera ngati munthu wamba ali ndi chilolezo chomanga galimoto ya mnzake, ndipo ngati alibe, maunyolo achoke. Aliyense wolipiritsa poimika galimoto aike chikwangwani pakhomo lolowera, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, mtengo utalembedwa m'manambala akuluakulu. Ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti lokhala ndi dzina ndi nambala ya foni. Pakhale nambala imodzi ya khonsolo imene munthu angaimbe ali pomwepo, tayala lili chimangidwire, ndipo dandaulo lizitha kutumizidwa kudzera ku ofesi ya khonsolo ya kuno kwathu, osati kukwereranso galimoto.

Makhansala athu ndi aphungu athu amayenda msewu womwewu ndipo amaimika m'mabwalo omwewa, kungoti magalimoto awo sawamanga. Tikuwapempha kuti akadzakumana ndi anzawo a ku Chipata adzaitchule nkhaniyi, ngakhale ikuoneka yaing'ono poyerekeza ndi ya misewu ndi feteleza. Ayambirenso pakhomo pompano. Paboma pathu masitolo ndi malo ogona alendo akuchuluka, ndipo ku Chanida malole ochokera ku Beira kudzera ku Tete amaima podikira mapepala. Madalaivala amenewo ali kutali ndi kwawo kuposa mmene ife timakhalira ku Chipata, ndipo khonsolo ya Chadiza ikhoza kulemba lamulo la chikwangwani ndi lisiti pamsonkhano wake wotsatira, wina asanagule unyolo.