Wodwala mtima akatuluka m'chipatala, ntchito yotsala ndi yathu

Ulendo uno tiyeni tikambirane za munthu amene wadwala mtima mwadzidzidzi, wapulumuka, ndipo wabwerera kwawo. Tsiku limenelo pakhomo pamamveka nthungululu, nkhuku imaphedwa, aliyense nkumati mavuto atha. Ine ndikuti sanathe. Ku chipatala amupulumutsa, koma kuchira kwenikweni kumachitikira pakhomo, m'manja mwa inu achibale.

Ndikunena zimene ndinaziona ndi maso anga. Malume anga anagwa m'dimba akukweza matumba a mbatata ya kachewere pa ngolo. Pachifuwa panawathina ngati wina wawasanjika mwala, thukuta lili kamukamu, mkono wamanzere utachita dzanzi. Anagonekedwa masabata awiri. Atabwera kumudzi, ife tinalakwitsa kawiri. Poyamba tinawagoneka pa mphasa mwezi wathunthu, osawalola ngakhale kufika pabwalo la bawo. Kenaka atayamba kupeza bwino, mapiritsi aja anatha, ndipo panalibe amene anaganiza zokatenga ena. Iwo anangotola khasu nkukayamba kugalauza. Miyezi itatu isanathe tinawanyamulanso usiku. Lero ali moyo, koma sakwera chitunda osaima kuti apume. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa cha kusadziwa.

Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yakeyake imene imaudyetsa magazi. Umodzi ukatsekeka ndi mafuta komanso magazi oundana, kachigawo ka mtima kamafa. Ndi zimene a chipatala amati enfarte pa Chipwitikizi. Bala limeneli limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti lipole, ndipo pamatsala chipsera chimene sichipopanso magazi. Mitsempha inayo imakhala ikadali ndi mafuta ake. Nchifukwa chake munthu amene wadwalapo kamodzi sachedwa kudwalanso akalekerera.

Ena amati munthu wotere amuponda kapena amulodza chifukwa cha zokolola zake. Abale, nthendayi ili ndi magwero odziwika: kuthamanga kwa magazi kumene kuno timati tensão, anzathu a ku Dedza nkumati BP, matenda a shuga, fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi. Kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique mu 2005 anapeza kuti anthu akuluakulu 33 mwa 100 aliwonse anali ndi tensão. Atabwereza mu 2014 ndi 2015 anapeza pafupifupi 39, ndipo mwa odwalawo amene ankadziwa kuti akudwala anali 15 okha mwa 100. Akatswiri ochita opaleshoni ya mtima, monga a ku Instituto do Coração, ali ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera kwathu kuno. Ambiri a ife sitingakafikeko. Chimene tingathe ndi kusamala wodwala wathu pakhomo.

Choyamba ndi mankhwala. Adokotala amapereka asipirini kuti magazi asaundane, mapiritsi otsitsa tensão ndi kupeputsa ntchito ya mtima, ndi ena ochepetsa mafuta m'magazi. Amenewa si mankhwala a malungo oti mukamwa masiku atatu mwatha. Ambiri ndi a moyo wonse. Wodwala akamati akupeza bwino, dziwani kuti mankhwalawo akugwira ntchito, ndiye asasiye. Pakhomo pasankhidwe munthu mmodzi, kaya ndi mwana wa sukulu, woti aziwerenga mapiritsi ndi kukumbutsa kukatenga ena kukadali sabata imodzi asanathe. Pa nthawi yogulitsa mbatata kapena nyemba, ikani padera ndalama ya ulendo wa ku chipatala monga mmene mumaikira ya feteleza.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Lero munthu apita ku Ulongwe, mwezi wamawa awoloka kupita ku Dedza. Uku amulembera m'Chipwitikizi, uko m'Chingerezi, ndipo mankhwala amodzimodzi amatha kubwera m'mapaketi osiyana. Wodwala akamwa onse poganiza kuti ndi awiri osiyana, magazi amatsika mopyola muyeso, nkuchita chizungulire mpaka kugwa. Choncho kulikonse mupite, nyamulani mapepala onse a mbali ziwiri pamodzi ndi mapaketi a mankhwala m'kajumbo kamodzi, muwaonetse a namwino. Musagule mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac pa msika, chifukwa amalemetsa mtima ndipo akaphatikizana ndi asipirini amatha kuchititsa zilonda zotaya magazi m'mimba. Mankhwala a zitsamba nawonso musaphatikize musanafunse.

Chachiwiri ndi kuyenda. Kugona tsiku lonse kumafooketsa thupi ndipo magazi amatha kuundana m'miyendo. Ngati adokotala sanaletse, wodwala ayambe kuyenda mphindi 5 kapena 10 pamalo osalala, mmawa ndi madzulo, wina akumuperekeza. Sabata iliyonse aziwonjezerako mpaka afike mphindi 30. Muyeso wake ndi uwu: aziyenda akutha kucheza. Mawu akayamba kuduka, aime apume. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma khasu, nkhwangwa, thumba la makilogalamu 50, ndowa ya madzi pamutu ndi njinga yokwera nayo zitunda za kuno zidikire kufikira adokotala atamuyeza ndi kumulola. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatsika m'phiri la Domwe, adikire dzuwa lituluke ndipo afunde bwino, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha.

Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti, bambo akapanda kulima tidya chiyani? Funsoli ndi loona, ndipo sindikulipeputsa. Koma taganizani: kutaya chaka chimodzi cha ulimi ndi kutaya mlimi weniweniyo, chopweteka nchiti? Makolo athu ankaitana dima munthu akadwala. Mipingo, magulu a amayi ndi mafumu athu angathe kuutsanso mwambo umenewu. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndi mphika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni ka tiyi kamodzi. Chepetsani mchere mumphika wa banja lonse, chifukwa mukamuphikira payekha wodwala amadziona ngati wosalidwa ndipo amakabisa mchere m'thumba. Nsomba zouma zamchere muziyamba mwaziviika m'madzi. Soda ndi timabuloko tokometsera ndiwo nazonso zimakweza tensão. Nyemba, nkhwani, mpiru, kabichi, mgaiwa ndi mapichesi tili nazo kuno. Mbatata ikhale yophika, osati ya pa chiwaya. Kachasu ayi.

Za fodya ndinene mosabisa. Ambiri timalima fodya, ndipo chingambwe sichisowa m'thumba. Koma wodwala mtima amene wasiya kusuta amachepetsa ngozi ya imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Alendo odzazonda matenda asasutire pafupi naye, ndipo asamakhale m'khitchini yotseka modzaza utsi wa nkhuni.

Musaiwale maganizo ake. Bambo amene ankadyetsa banja akangokhala, amayamba kudziona wopanda ntchito, kukwiya msanga, kusowa tulo. Mupatseni ntchito zopepuka monga kusankha mbewu kapena kutongola chimanga, ndipo muzimufunsa nzeru monga kale. Nkhani za m'nyumba pakati pa bambo ndi mayi sizithera pamenepa. Ambiri amabwerera patapita masabata ochepa, ndiye musachite manyazi kufunsa adokotala.

Pomaliza, gwirizanani lero lomwe ndi mwini njinga yamoto kapena galimoto amene mungamudzutse usiku. Pachifuwa pakathinanso ndipo sipakuleka ngakhale atapuma, ululu ukafika ku mkono kapena ku nsagwada, akamabanika pogona, miyendo ikatupa, akakomoka, kapena chimbudzi chikada ngati makala, musadikire kuche ndipo musayambe mwapita kwa sing'anga. Thamangirani ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi mbali ino ya malire kapena inayo.

Ndipo inu amene mukumusamala, pomuperekeza ku chipatala mutambasule mkono wanu akuyezeni tensão. Sizitenga ngakhale mphindi zisanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.