Chithunzi cha mayi wa usipa chili kuti?

Chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira ku Chintheche Inn mu 2004, ndipo chitabwereranso kumeneko mu 2016, sikuti tonse tinapitira nyimbo ayi. Enafe tinakayesa makamera. Uyu Canon yatsopano, uyo Nikon, kubwerekana malenzi aatali ngati munsi, kupikisana kuti ndani ajambule bwato lomwe lili pakati pa nyanja.

Vuto la lenzi yaitali ndi ili abale: imakuiwalitsa moni. Umangoima patali, n'kujambula mayi akuyanika usipa, mwini wake osadziwa. Inenso ndinatero, ndi lenzi yobwereka (yanga ndikanaitenga kuti, munthu wosiyira yunivesite panjira?). Mayiyo atandiona anandikodola, n'kundifunsa m'Chitonga chosakaniza ndi Chichewa kuti chithunzicho ndibwera nacho liti. Ndinati posachedwa. Mpaka lero.

Takumbukirani wojambula wakale uja wa panjinga. Ankafika pakhomo, kukudikirani kuti musambe, muvale za kutchalitchi, kenako ulendo wa kutauni kukatsukitsa filimu, n'kubwera ndi chithunzi m'manja. Mwina chakuda, mwina mutu wadulidwa, komatu chinali chanu. Zamakonozi n'zowala mpaka kuwerenga mamba a nsomba, koma zimangothera pa Facebook, mwini nkhope osaziona.

Tsono inu ophunzira amene mukusunga ndalama za kamera, ndi inu amalonda oitanitsa makamera ku Johannesburg, mukakayesa chida chanu ku Chintheche, yambani mwasendera pafupi, mupereke moni, mupemphe. Akakana, jambulani nyanja. Akalola, patulani kandalama kosindikizira chimodzi, muwatumizire ngakhale pa minibasi ya ku Nkhata Bay.