Kukweza galimoto si kuwonjezera katundu

Abale a m'gulu muno, makamaka inu a ma Hilux ndi ma NP300 amene mumanyamukira ku Unit K kupita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda, tiyeni tikambirane za ma spring. Mvula ikangoyamba, maenje a m'misewu ya ku Chitungwiza amapangitsa aliyense kufuna kukweza galimoto, ndiye ambiri amathamangira kwa makaniko kukawonjezera ma leaf awiri kumbuyo. Galimoto imakweradi, mwini wake n'kuyamba kusanjikiza matumba ena pamwamba. Apa ndi pamene sindigwirizana nanu.

Mukasintha spring mwasintha spring basi. Mabuleki, ma bearing, axle ndi matayala ndi omwe aja. Nambala ya GVM imene ili pa kachitsulo ka galimoto yanu siisintha, ndipo woyeza kulemera pamsewu amaona nambala imeneyo, osati kutalika kwa galimoto. Komanso diff imakhalabe pomwe inali: chimene chimaikweza kuchoka pansi ndi tayala lalikulu, osati spring.

Posankha, dzifunseni kuti ndi kulemera kotani komwe kumakhala pagalimoto tsiku lililonse, monga canopy, tayala lapadera ndi zigubu za mafuta. A Old Man Emu ndi Ironman amagulitsa ma spring awo motengera kulemera kumeneko. Ife amalonda vuto lathu ndi lakuti ulendo umodzi timadzaza, wina timabwera opanda kanthu. Mukaika spring yolimba kwambiri, galimoto yopanda katundu imangodumphadumpha, matayala akumbuyo sagwira bwino phula, ndipo pa kona yonyowa cha ku Mutoko kumbuyo kumatha kukutembenukirani. Msana wanu nawonso udzakuuzani musanafike ku Tete. Ine ndimati yapakatikati ndiyo yathu, katundu akachuluka gawani maulendo awiri.

Kukweza kusapitirire mamilimita 50. Hilux yoyambira 2005 kutsogolo ili ndi ma coil, ndipo mukapitirira pamenepo ma CV joint ndi ma ball joint amatha msanga. Zoika mabuloko achitsulo pakati pa axle ndi spring musayerekeze n'komwe ngati mumanyamula katundu.

Ogula akale ku Gazaland kapena mu Kaguvi Street, gulani awiri ochokera pagalimoto imodzi, muwagoneke pansi moyandikana muone ngati akupindika mofanana. Spring yowotcherera isiyeni, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Mu bajeti yanu muikemo ma shock otalika molingana, ma U-bolt atsopano ndi alignment. Ngati galimoto yanu ili ndi valavu ya mabuleki akumbuyo imene imayendera kulemera kwa katundu, muuzeni makaniko aichunenso, apo ayi idzaona ngati mulibe kanthu pomwe mwadzaza. Ma U-bolt atsopano amamasuka paulendo woyamba, ndiye podikira mapepala pa Nyamapanda lowani pansi ndi sipanala muwamangenso.