Kuwongola mano a mwana: Kodi inshuwalansi ingapepuze makolo ku Mangochi?

Mwana wa mano otuluka kunja kapena okwerana amadziwika msanga pagulu: amaseka atagwira pakamwa, ndipo m'kalasi sakonda kukweza mkono poopa maina onyoza. Ena zimawavuta kutafuna, ndipo mano othithikana amabisa zakudya moti amabooka msanga.

Njira yowawongolera ilipo. Dotolo amamata tizitsulo pamano n'kudutsitsapo kawaya kamene kamakankha dzino lililonse pang'onopang'ono mpaka lifike pamalo pake. Achinyamata amangoti ma braces. Ntchitoyi imayenda bwino mwana akamera mano onse aukulu, kuyambira zaka 12 kapena 13, nsagwada zikadakula.

Koma kwa banja la pa Mangochi boma, ku Monkey Bay, ku Namwera kapena ku Makanjira, funso lalikulu ndi la ndalama.

Zipatala za boma monga cha Mangochi zimathandiza ulere, koma ntchito yaikulu kumbali ya mano ndi kuchotsa ululu: kuzula, kutsuka ndi kumata obooka zipangizo zikakhalapo. Ofuna kuwongola mano kawirikawiri amathera ku zipatala zolipira za ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Gwero la vutoli ndi kuchepa kwa akatswiri. Pofika 2019, dziko lino linali ndi madotolo a mano osakwana 50, ndipo onse anaphunzira kunja. Chaka chomwecho sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madotolo a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma lidakhazikitsanso ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Izi n'zopatsa chiyembekezo, komabe kuwongola mano ndi luso lofuna maphunziro ena apamwamba dotolo akamaliza digiri yake.

Mtengo nawo umatsatira ndalama zakunja chifukwa zipangizo zimachokera kunja. Pamene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu woitanitsa kunja adakwera, wa m'zipatala yemwe.

Nanga inshuwalansi? Ku Britain, boma limalipirira ana osakwana zaka 18 amene dotolo watsimikiza kuti mano awo akufunikadi kuwongola. Kuno kulibe inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse, osapitirira awiri ndiwo anali pa inshuwalansi ya zaumoyo. Ambiri amalowa kudzera kuntchito, m'mabungwe monga Medical Aid Society of Malawi (MASM). Msodzi wa ku Msaka kapena mayi wogulitsa usipa pa Makawa alibe bwana womuthandiza kusonkha.

Ngakhale kwa amene ali pa inshuwalansi, khadi lokha si chitsimikizo. Mabungwe otere amakhala ndi magawo a mitengo yosiyana, ndipo kuwongola mano amakuika padera ndi kuzula kapena kumata. M'magawo otsika mtengo kumatha kusowamo, pomwe m'magawo ena amalipira mpaka pamlingo wakutiwakuti, yotsalayo, imene amati shortfall, n'kukhala ya kholo.

Choncho kholo lisanalowe kapena kusintha gawo, lifunse mafunso anayi, ndipo mayankho akhale olembedwa. Kodi gawoli limalipira kuwongola mano, ndipo mpaka ndalama zingati? Kodi membala watsopano amadikira miyezi ingati asanayambe kuthandizidwa? Kodi pali malire a zaka za mwana? Kodi dotolo ayambe wapempha chilolezo ku bungwelo asanagwire mano?

Kenako pafunika masamu. Ngati ndalama yoonjezera pamwezi kuti banja likwere gawo, ikaphatikizidwa kwa zaka ziwiri, ikuposa imene bungwe lidzalipire, ndi bwino kuisunga ku banki mkhonde kapena ku SACCO n'kupangana ndi chipatala zolipira pang'onopang'ono.

Palinso mtengo umene inshuwalansi siiona. Tizitsuloti timakhala pamano chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri, nthawi zina kupitirira, ndipo dotolo amafuna kuona mwana pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi itatu. Kuchokera pa Mangochi boma kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Ulendo uliwonse ndi thiransipoti ya anthu awiri, chakudya, ndi tsiku limodzi la sukulu. Walira mvula walira matope: kusiyira panjira kumabweza mano mmbuyo, ndalama zitapita kale.

Makolo asamalenso ndi tizitsulo totchipa totsatsidwa pa Facebook kapena WhatsApp. Waya woikidwa ndi munthu wosaphunzira amatha kugwedeza mano ndi kuyambitsa zilonda. Dotolo weniweni amakhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa chiphaso si chipongwe.

Poyambira pabwino ndi pachipatala cha boma chomwecho. Si mano onse opindika amene amafuna waya, ndipo ena amapewereka: kuletsa mwana kuyamwa chala akamakula, ndi kusamala mano aukhanda kuti asazulidwe nthawi isanakwane, chifukwa ndiwo amasungira malo mano aukulu. Kupimitsa mwana ali ndi zaka 7 kapena 8 kumapatsa banja zaka zingapo zokonzekera thumba.